Dzanja Lamanja la Chithokozo

Kunyumba kwa bambo Efulemu ku Mitundu tsiku linkayamba ndi pemphero. Mwana wawo Chithokozo ndiye ankaimba gitala m'kwaya ya mpingo, ndipo akangokhudza nsambo, ngakhale amene ankaodzera kumabenchi a kumbuyo ankadzidzimuka.

Atapeza ntchito pachigayo cha bambo Farouk ku Nathenje, mayi ake, a Margret, anamugwira manja onse awiri asanakwere minibasi.

"Mwanawe, chitsulo sichidziwa kuti ndiwe mwana wa mkulu wa mpingo. Manja awa udzabwere nawo."

Bambo Farouk anamuonetsa injini ya dizilo, lamba woyendetsa chigayo, ndi chophimba cha lata chotchinga lambayo.

"Lamba akavuka, zimitsa injini, udikire mpaka iime ndithu. Chophimbachi usachotse. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Anamvadi, koma kwa miyezi iwiri yokha. Injiniyo inali yokalamba. Ukaizimitsa, kuilizanso kunkafuna kupukusa handulo mpaka msana kuwawa, ndipo Chithokozo ankadana nako.

Kuseri kwa chigayo kunkakhala Dickson, wakabaza amene ankamwa kwambiri kuposa mmene ankapalasira njinga.

"Aise, ukudzizunziranji? Akatswiri amabwezera lamba injini ikulira. Talawa kaye aka, mantha athe."

Kanali kachasu. Chithokozo analawa, mawa lake anadzigulira yekha. Chophimba chija anachimasula n'kuchiponya pakona, chifukwa ati chinkamuchedwetsa. Anabwezera lamba injini ikulira kamodzi, kawiri, osavulala, ndipo anayamba kudzitama. Kukwaya anasiya kupita.

Bambo ake anamuimbira foni. "Tikumva kuti ukumwa, Chithokozo. Munthu woledzera pafupi ndi makina? Ukufuna tidzakutenge pamachira?"

"Adadi, anthu ndi abodza," anayankha, botolo lili m'thumba.

Bambo Farouk nawonso atapeza chophimba pakona anakwiya, n'kuchimanga okha. "Ukadzachichotsanso, ntchito yatha."

Lachisanu masana iwo atapita kumzikiti, Chithokozo anachichotsanso. Anali atamwa kale mabotolo awiri. Azimayi odzagayitsa anali pamzere ndi mphale zawo, ndipo lamba anavuka.

"Zimitsani kaye, achimwene," anatero mayi Ethel, amene anali kutsogolo. "Ife sitikuthamangira kulikonse."

"Amayi, ntchito iyi ndi yanga."

Anagwira lamba n'kumukankhira pagudumu lomwe linkazungulira. Lamba anakoka, dzanja linapita nalo.

"Mayo! Zimitsani! Zimitsani!"

Azimitse ndani? Azimayi aja ankangolira, akuthamanga uku ndi uku. Dickson anasuzumira pakhomo, anaona magazi paufa, n'kukwera njinga yake osacheuka. Mayi Ethel ndi amene anakumbuka kachitsulo kamene mnyamatayo ankakoka masiku akale pozimitsa. Pamene injini inkaima, dzanja linali litaphwanyika.

Ku chipatala cha Nkhoma madokotala anayesetsa, koma panalibe choti n'kusoka. Analidula pamfundo.

Atatsitsimuka anaona mayi ake pambali pa bedi. Anafuna kuwagwira, koma chimene anakweza chinali chigunthu chokulunga mabandeji. Analira ngati mwana.

"Amama, ndimangoopa kupukusa handulo. Mphindi zisanu zokha! Auzeni adokotala alibwezere, ndasiya mowa, ndasiyiratu!"

"Mulungu akukhululukira, mwanawe, ifenso takukhululukira," anatero a Margret misozi ikutsika. "Koma dzanja lapita."

Inu achinyamata, ndikunena mosabisa. Mowa ndi ulesi zimakunamizani kuti ndinu akatswiri. Osayandikira makina mutamwa, osachotsa chotchinga, osagwira chilichonse injini isanaime. Kulapa kumapulumutsa moyo, koma sikumeretsa zala.

Chithokozo anabwerera kukwaya ku Mitundu. Amaima mzere wakumbuyo, akuimba ndi pakamwa pokha. Gitala ija amaimba ndi wina, ndipo mtsogoleri akati tiwombe m'manja, iye amangoyang'ana pansi.