Chotsekera Chachitatu

Bambo amene anabwera madzulowo anati dzina lawo ndi a Stamen, ndipo chimene ankafuna ndi kiyi wa kachipinda ka pampu ya dziwe losambiramo. Anaima pageti la nyumba ya alendo dzuwa litangolowa kuseri kwa mapiri, chipewa chili m'manja.

"Eni ake kulibe, bambo," anatero Bilyana, maso ali pansi. "Kiyi anandiletsa kupatsa munthu."

"Wachita bwino, mwanawe. Nanga zotsekera mapaipi wazula zingati?"

"Ziwiri."

Bambowo anapukusa mutu. Pochoka anawerama n'kuchotsa nkhono imene inali pakati pa njira, kenaka anatseka geti mwaulemu, osalimenyetsa ngati mmene ena amachitira.

Bilyana anali atagwira ntchito pamalopo milungu itatu yokha. Bwana Kostov, eni nyumbayo, popita ku mzinda wa Sofia, sanabise mawu: alendo oyamba akufika Loweruka, ndipo dziwe losambiramo likapezeka lobiriwira, iye alongedze katundu azipita kwawo. Tsikuli linali Lachinayi. Mankhwala oyeretsa madzi sagwira ntchito madziwo akapanda kuzungulira, ndipo pampu inali itakana.

Ntchito yake ankaidziwa. Chisanu chikayandikira, pampu amaikhuthula madzi onse, mapaipi n'kuwatseka ndi zotsekera za rabala kuopa kuti madzi angaundane n'kuwang'amba. Potsegula umazula zotsekerazo, kudzaza madzi m'kamphika ka pampu, kumanga chivundikiro, n'kuyatsa. Chiyambire masana anali atachita zimenezi kasanu ndi kamodzi. Ulendo uliwonse madzi ankangotha m'kamphikamo, n'kutsala thovu lokha likuvina pansi pa chivundikiro choonekera mkati chija.

Cha m'ma naini anatunganso ndowa ina n'kulowa m'kachipindako. Kanali kopanikiza, kasimenti, kopanda zenera, kungoti pansi pa chitseko chachitsulo panali kabowo kolowera mphepo. Anapaka mafuta pamphira ya chivundikiro, n'kuthira madzi, n'kuyatsa. Pampu inalira, inatsokomola, inayamba kutentha. Anazimitsa msanga, poti pampu youma imapsa.

Pamenepo chitseko chinatsekeka. Sichinamenyetseke ayi. Chinatsekeka pang'onopang'ono, ndipo mpiringidzo wa kunja unagwera m'malo mwake, gwa!

Anakankha ndi phewa. Chitseko sichinasunthe. Foni anali ataisiya pampando wa m'mbali mwa dziwe. M'nyumba monse munalibe munthu, ndipo azakhali Donka, ophika a pamalopo, amabwera m'mawa. Ndowa inali itauma, mpopi uli panja.

Anakhala pathumba la mchenga, manja ali m'khwapa. Kuzizira kunkatuluka m'simenti n'kulowa m'mafupa. Babu limodzi linkayaka mofooka.

Kenaka anamva mapazi pamiyala. Ankayenda mosafulumira. Anafika pampopi, mpopi unalira. Pakabowo ka pansi pa chitseko panalowa paipi ya rabala, ikutulutsa madzi. Dzanja limene linkaikankha linaonekera mpaka pamfundo za zala. Linali lotuwa, ndipo m'zikhadabo munali dothi lakuda.

"Dzaza," anatero mawu kunjako.

Bilyana anakanirira kukhoma. Madzi ankayenderera pansi, n'kumunyowetsa nsapato.

"Ndinu a Stamen? Chonde nditsegulireni."

"Dzaza, mwanawe. Usayatse mpaka ndigogode."

Anaganiza za basi yobwerera kumudzi kwawo, ndi nkhope ya mayi ake akamuona akutsika ndi chikwama mwezi usanakwane. Anatola paipi ija. Pamene dzanja linagwira panali pozizira kuposa madziwo. Anadzaza kamphika mpaka kusefukira, n'kumanga chivundikiro.

Mapazi aja analowera kudziwe. Kunamveka munthu akutsika makwerero achitsulo, limodzi, lachiwiri, lachitatu, n'kulowa m'madzi amene masana Bilyana sakanatha kuviikamo ngakhale mkono chifukwa cha kuzizira. Kenaka zii. Anayamba kuwerenga mumtima. Anafika zana. Anafika mazana atatu. Palibe anavuuka kudzapuma.

Mupaipi yaikulu munamveka phu! Kenaka go, go, go.

Anayatsa. Pampu inalira, thovu linadzaza, n'kuyamba kuchepa. Madzi anatulukira mupaipi pang'onopang'ono, obiriwira, onunkha masamba owola, mpaka kamphika kanadzaza. Kulira kwa pampu kunasintha, kunakhala kofatsa.

Mapazi anabwerera, tsopano akudontha madzi. Anaima pachitseko penipeni. Pakabowo panaoneka nsonga za nsapato ziwiri zakuda, zopita nazo ku tchalitchi.

"Yagwira, bambo," ananong'ona Bilyana. "Zikomo. Nditsegulireni tsopano."

Anatchera khutu kuti amve munthu akupuma, koma sanamve kanthu. Nsapato zija sizinasunthe. Iye anatseka maso kangapo, tulo tikamuba, koma akadzidzimuka ankazipeza pomwepo. Zinachoka pamene kabowo kanayamba kuyera, ndipo sanamve zikuchoka.

Anamutsegulira ndi azakhali Donka.

"Iwe kamtsikana, chipinda tinakupatsa chija chakuipira? Wakwatiwa ndi pampu kodi?"

Koma atamuyang'ana kumaso anasiya kuseka. Anamufunditsa juzi yawo n'kumutengera kukhitchini. Podutsa padziwe anaima. M'mbali mwake munali chotsekera cha rabala, chachikulu kuposa ziwiri zija, chili ndi ndere.

"Ichi ndi cha pansi penipeni, pakati pa dziwe," anatero motsitsa mawu. "Ndi munthu mmodzi yekha amene ankatsekako. Enafe tinkamuseka kuti amachulutsa ntchito. Wazula ndani?"

Bilyana anatchula dzina lija.

Azakhali Donka anachita chizindikiro cha mtanda. "Tinawaika m'manda mu Januwale. Zaka makumi awiri akutseka dziwe ili ndi kulitsegula, osalola munthu kugwira pampu yawo."

"Nanga ananditsekeranji?"

"Ukanakonda kuwaona akutuluka m'madzimo?"

Kukhitchini azakhali anayamba kuphika. Anakanda ufa, kuupyapyalitsa, kuikamo tchizi ndi mazira, n'kuponya mu uvuni. Mkatewo utapsa anadula chigawo chachikulu cha pakona, chokhukhuta, n'kuchiika m'manja mwa Bilyana, monga mmene amagawira chakudya chokumbukira omwalira.

"A Stamen anandikonzera mpopi wa kwathu chaka chatha, ndalama anakana. Anati ndidzangowaphikira mkate uwu. Ine n'kumangoti mawa, mawa." Anapukuta manja pa epuloni. "Idya, mwanawe. Unene kuti Mulungu awakhululukire."

"Mulungu awakhululukire," anatero Bilyana, n'kuluma mkatewo udakali wotentha.