Minga pa Chitsime cha Kudambo

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, ana asanu a mudzi wina kufupi ndi Kasakula anadwala modabwitsa: kusanza, kunjenjemera manja, malovu osatha. Bambo Elifala, amene ankayendera za umoyo m'deralo pa njinga, anakayikira chitsime cha kudambo, pakuti kumtunda kwake anthu ankatsukirako mapampu opopera mankhwala a fodya. Anatunga madzi m'botolo n'kuwatumiza ku Lilongwe.

Pamsonkhano umene anaitanitsa a tcheyamani a chipani, anthu anafuna yankho limodzi: madziwo ndi oipa kapena ayi? Bambo Elifala, munthu wosadziwa kunama, anati mwina, sangatsimikize zotsatira zisanabwere. Anthu anaseka, ena n'kumati sukulu yonse ija anangophunzirako "mwina". Kasupe wina anali kuphiri, ulendo wa ola lathunthu, ndiye ndani akanakwera phiri chifukwa cha mwina? M'mawa mwake ndowa zinandandalikana pachitsime pomwe paja.

Usiku wachitatu kudambo kunamveka unyolo ukukhwekhwerezeka pamiyala, pang'onopang'ono, kuleka, n'kuyambanso. Agalu anauwa, kenaka onse anangoti zii nthawi imodzi. Kutacha, pakamwa pa chitsime panali minga ndi kansalu kakuda. Anthu anazichotsa, koma usiku wotsatira zinabwerera. Manong'onong'o anayamba: ena ankati ndi mzimu wa amene anakumba chitsimecho, ena ankalumbira kuti anaona chinthu chachitali chopanda mutu. Pofika Lamlungu, amayi onse ankakwera phiri.

Usiku wina Bambo Elifala anakabisala m'bango pafupi ndi chitsimecho. Mumdimamo munatuluka munthu wamfupi akukoka unyolo wa ngolo. Bambowo anayatsa tochi. Anali Mayi Lenia, amene mwana wawo wamng'ono, mmodzi mwa asanu aja, anali atagonekedwa kuchipatala.

"Zimitsani, bambo," ananong'ona mayiwo. "Ine mwina wanu uja ndinamumva, ndipo mwana wanga sindingamumwetse mwina. Koma anthu awa saopa mwina, amaopa mzukwa."

Bambowo anazimitsa tochi, n'kuwathandiza kuyala mingayo. Kunena zoona, mayi amenewa analimba mtima, pakuti akanagwidwa, dzina la ufiti likanawakakamira mpaka kumanda.

Kalata ya ku Lilongwe inafika patatha miyezi iwiri. Inati madzi aja anachepa, sanathe kutsimikiza kanthu. Ana aja anali atachira, ndipo panalibe wina anadwalanso.

Tsiku la msika anthu anawazungulira Bambo Elifala, n'kuwafunsa ngati kudambo kulidi mzukwa, poti kukwera phiri kunali kutawatopetsa.

"Mwina," anatero munthu wosadziwa kunama uja.

Ulendo uno palibe anaseka.