Ulusi Wofiira pa Silikoni wa Bambo Stoil

"Vulani zonse! Ndati zonse, Zdravko, ngakhale zimene wabisa m'khwapazo!"

Wokalipayo anali Dokotala Karagyozova, mkulu wa labotale ina ya kunja kwa mzinda wa Sofia, mayi wamfupi ngati botolo la mankhwala, koma mawu ake oti akatuluka mawindo amanjenjemera. Patsogolo pawo panali ana asukulu obwera kudzaona ntchito. Tsoka lake, tsikulo linali loyamba la mwezi wa Malichi, ndipo mukudziwa mmene timakhalira pa tsiku limeneli: aliyense mikono ili mbwee ndi martenitsa, timaulusi taubweya tofiira ndi toyera timene timamangirana kuti chaka chitipatse thanzi. Ngakhale galu wa mlonda pageti anali atavala kake m'khosi, akuyenda monyada ngati mkwati.

Zdravko, chitsiru cha kalasi yonse, anali nato mpaka m'zigongono.

"Adokotala, tonseti andipatsa ndi atsikana. Ndikavula alira."

"Alire. Misozi ilibe ubweya. Mkatimu simulowa ulusi, simulowa fumbi, ngakhale tsitsi limodzi. Vula!"

Anzake anaseka, koma Bilyana sanaseke. Bambo ake, a Stoil, ndi amene ankayendetsa makina a leza, olemba ndi kuwala kotentha, m'labotalemo, ndipo ndi iwo anachonderera mpaka lilime kuuma kuti kalasi ya mwana wawo iloledwe kulowa. Adokotala anavomera ndi mawu amodzi okha, amene Bilyana anamva bambo ake akuuza mayi ake kunyumba: "Chikalakwika chilichonse, a Stoil, khadi lanu lolowera mkati mundisiyire m'manja, mukafune ntchito kwina."

Bilyana anavula timaulusi take tonse n'kutiponya m'bokosi ngati anzake. Tonse kupatula kamodzi. Kameneko anakakankhira m'mkono wa malaya, n'kuvala chovala choyera pamwamba, magolovesi pamwamba pake. Mtima unkagunda ngati waba nkhuku.

Kanali kapadera kameneko. Anakapota yekha, n'kuikapo mkanda wabuluu pakati. M'mawa bambo ake anakaona patebulo akumwa khofi.

"Kokongola aka. N'kandani, mwanawe? Usandiuze kuti n'ka Zdravko."

"Iii, Ababa! N'chinsinsi."

Chinsinsi chake chinali Yasen, mchimwene wake wamkulu. Chaka chathachi Yasen anagwa pa njinga yamoto, ndipo kuyambira pamenepo mkono wake wamanja unkangolendewera ngati malaya pachingwe. Tsiku lina bambo awo anati mawaya ofewa amene akupanga mwina adzathandiza anthu amene minyewa yawo inaduka. Anawonjezera kuti si mawa, si chaka chino, mwina si Yasen n'komwe. Koma khutu la mwana lili ngati sefa yobooka pakati: linagwira "adzathandiza," zinazo zinadutsa.

Analowa. Onse anali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuyenda ngati matumba a ufa amene amera miyendo. A Stoil anawatsogolera pa kabati ina yagalasi, yotsegula pang'ono chakutsogolo, m'mene munkawomba kamphepo kosefedwa kuchokera ku kasefa kakumbuyo. M'katimo munali mathireyi, ndipo pa thireyi iliyonse panagona timapepala toonekera ngati madzi.

"Ameneyu ndi silikoni," anatero a Stoil, akunyamula kamodzi ndi chopanira. Anakakoka, n'kutanuka, anakasiya, n'kubwerera. "Thupi la munthu silikonda zinthu zolimba. Ukaikamo waya wouma, umakanda mnofu. Ndiye ife timatenga kofewaka, leza amalembapo tinjira tating'ono kuposa tsitsi. Tikakaviika m'mankhwala, chitsulo chimamatirira m'tinjiramo mokha. Basi, tapeza waya wopindika pamodzi ndi thupi."

"Ndiye tonseti mwapanga ndinu?" anafunsa mtsikana wina.

"Nyengo yonse yachisanu. Mwezi uno madokotala akudzatitenga kukayamba kuyesa. Choncho manja kumbuyo, ana inu. Silikoni amakoka fumbi ngati mmene uchi umakokera ntchentche, ndipo kakagwerapo kanthu sikachoka."

Mawu omalizawo Bilyana sanawamve bwino. Iye ankangoyang'ana mathireyiwo. Galu ali ndi martenitsa, galimoto ya aphunzitsi ili nayo, mtengo wa pasukulu uli nayo. Nanga zinthu zimene zikufunika mwayi kuposa zonse zikhale zopanda kanthu?

Gulu linasunthira ku makina a leza, aliyense akulandira magalasi akuda oteteza maso.

"Bambo ake a Bilyana," anafuula Zdravko, "lezayu angawotche soseji?"

"Angawotche lilime lako, ukapitiriza."

Phokoso la kuseka lili mkati, Bilyana anatsalira. Anasolola kaulusi kaja, analowetsa mkono m'kabati mpaka kumbuyo, n'kukamangirira pa kasefa kotulukira mphepo, pobisika, kuseri kwa thireyi. Kanayamba kugwedezeka mokondwa ndi kamphepoko.

"Mum'chiritse Yasen," ananong'ona, n'kuthamangira kwa anzake.

A Stoil anafotokoza za makinawo kwa nthawi ndithu, poti akayamba za leza munthu uja saima, ngakhale supu izizire patebulo. Kenako anabwerera ku kabati, anatenga kapepala kamodzi, anakaika m'makina n'kutseka chitseko.

"Yang'anani pa kanemayo. Akukulitsa zonse zimene zikuchitika mkatimu."

Pa kanema wamkulu wa pakhoma panaoneka kanjira kakuyenda kokha, kowongoka bwino, ngati cholembera cha mzimu. Ana anati, "Aaa!" Kenako panati thethe! Kamoto kanawala, kautsi kanakwera, kanjira kaja kanaduka. Pakati pa kanemayo panagona chinthu chachikulu ngati chingwe chomangira ng'ombe, chofiira psuu, nsonga yake itapsa bii.



"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Adokotala. Sanakalipe. Anafunsa motsitsa, ndipo zimenezo zinaopsa kuposa kukalipa.

A Stoil anazimitsa makina. Anatenga kapepala kena, n'kukaika pansi pa galasi lokulitsa. Pa kanema panabwera zingwe ziwiri, china chofiira, china choyera. Anatenga kachitatu. Chimodzimodzi. Anatenga ka m'thireyi ya pansi penipeni. Mayo ine, chimodzimodzinso!

Bilyana anaponya maso kuseri kwa thireyi kuja. Ankaganiza kuti martenitsa imangokhala pamene waimanga. Sankadziwa kuti ubweya umathothoka timatsitsi tosaoneka ndi maso, ndiponso kuti iye anaumangirira pakamwa penipeni pa mphepo yowomba pa mathireyi onse.

"Zdravko!" anakuwa aphunzitsi awo, ndipo mitu yonse inatembenuka.

"Ine? Ine ayi, aphunzitsi! Ndifufuzeni! Ndivule zonse pompano ngati mukufuna!"

"Usayerekeze," anatero Adokotala. Anali atagwada kale kutsogolo kwa kabati, tochi ili m'manja. Analowetsa chopanira chachitali, ndipo pochitulutsa chinatuluka ndi kaulusi kofiira ndi koyera, mkanda wabuluu ukulendewera pakati. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone, ngati khoswe wakufa wopezeka mu mphika wa supu.

"Mwini wake ndani?"

Bilyana anayang'ana bambo ake. Bambo akewo sankayang'ana iye. Maso awo anali pa mkanda wabuluu uja, ndipo pamwamba pa chophimba kukamwa nkhope yawo inayera ngati chovala chawo. Anauzindikira. Akanalephera bwanji, atauona m'mawa womwewo pafupi ndi kapu yawo ya khofi?

"Ndifunsanso kamodzi," anatero Adokotala. "Mwini wake ndani?"

"N'kanga," anatero a Stoil.

Aphunzitsi anagwira pachifuwa. Zdravko anangoti kukamwa yasa mkati mwa chophimba chake.

"Kanu?" Adokotala anawayang'ana ngati munthu amene waona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala. "Inu a Stoil? Inu amene munabweza mlendo wolemekezeka pakhomo chifukwa cha ndevu?"

"Ndinakamanga m'mawa. Ndimafuna mwayi. Ndakalamba, mutu wayamba kusokonekera."

"Mukudziwa zimene tinapangana."

"Ndikudziwa, Adokotala."

Anakweza manja, anavula chingwe cha khadi lawo m'khosi. Khadi lija linali lakale, chithunzi chake cha nthawi imene a Stoil anali ndi tsitsi lonse. Bilyana analiona likuchoka m'dzanja la bambo ake kupita m'dzanja la Adokotala. Anakumbukira bambo akewo akudzuka kusanache, chipale chofewa chili m'mawondo, kukadikira basi yopita kuno. Sanaganize n'komwe zoyankhula. Mawu anangodzitulukira okha, mokweza mpaka iye mwini anadzidzimuka.

"Akunama!"

"Bilyana, khala chete," anatero a Stoil.

"Akunama, Adokotala! Sadziwa n'kupota komwe, ngakhale batani sadziwa kusoka! N'kanga. Ndinakabisa m'mkono umu. Ndakamanga pamene Zdravko amafunsa za soseji."

"Mwamva?" anatero Zdravko, koma mawu ake anatuluka aang'ono, ndipo palibe anaseka.

Adokotala anayandikira mtsikanayo. Msinkhu unali umodzi, maso ndi maso.

"Ndinati chiyani pakhomo paja?"

"Munati tivule zonse."

"Ndiye unaganiza kuti ndikuimba nyimbo?"

"Ayi." Misozi inali itanyowetsa chophimba chake. "Ndimafuna kuti mawayawo ayende bwino. Mchimwene wanga Yasen mkono wake sugwira. Ndimaganiza kuti... ndimafuna kuthandiza."

Adokotala anayang'ana kaulusi kaja, anayang'ana kabati, anayang'ana a Stoil amene anali atazolika.

"Ndaonapo zambiri m'chipinda chino," anatero pomaliza. "Ndaonapo waulesi akuwononga ntchito. Ndaonapo woledzera. Koma wotifunira zabwino ndiye watipsereza kuposa onsewo." Anatembenuka. "A Stoil, gwirani khadi lanuli. Valani. Ndipo musadzandinamizenso, simudziwa kunama, makutu anu amafiira. Pangano lathu linali la chinthu cholakwika, inde, koma munthu woti andipangirenso mathireyi onsewa ndim'peza kuti? Madokotala aja ndiwaimbira ndekha kuti adikire mpaka chilimwe. Tchuthi chanu chapita. Ndipo mwana wasukulu sadzapondanso muno ine ndili moyo."

Ana anang'ung'udza, ena akuyang'ana Bilyana ndi maso oti akanakhala miyala akanam'vulaza. Aphunzitsi anayamba kuwatulutsa mmodzimmodzi.

"Iwe utsale," anatero Adokotala kwa Bilyana. Anakoka bini yachitsulo ndi phazi, n'kuiimika pafupi ndi kabati. "Wawononga ndiwe, utaye ndiwe. Kamodzikamodzi. Bambo ako asagwire."

Bilyana anatenga koyamba. Kanali kofewa, kopepuka, kosalala, kosaoneka kuti kali ndi vuto lililonse. Akanakhala iye akanati n'kabwinobwino. Anakaponya. Anatenga kachiwiri. Pa thireyi iliyonse panali tsiku lolembedwa ndi dzanja la bambo ake, ndipo masiku enawo ankawadziwa: ili ndi Loweruka lija sanabwere ku mpikisano wake wovina, ili ndi tsiku lija anapita kuntchito akutsokomola. Mathireyi anali ambiri. Sankadziwa kuti nyengo imodzi yachisanu ingakhale yaitali choncho.

A Stoil anaima pambali, manja kumbuyo, mpaka thireyi yomaliza inatsala mbee.

Potuluka, dzuwa linali likusungunula chipale m'mbali mwa msewu. Anzake anali atapita kale. Awiriwo anaima pamalo odikirira basi, madzi akudontha padenga.

"Ababa, munanamiranji?"

"Ndinaona mwana wanga ali pamoto. Sindinaganize bwino." Anapukuta magalasi awo ndi mpango. "Nanenso ndinalakwa. Mlandu uja unali wako, ndimafuna kukulanda."

"Akanakuchotsani ntchito."

"Akanandichotsa."

Bilyana anayang'ana kumene kumachokera basi. "Yasen amadziwa kuti madokotala akubwera mwezi uno. Amawerengera masiku, ngakhale amanamizira kuti alibe nazo ntchito."

"Ndikudziwa. Ndikamuuza kuti makina anavuta. Makina amavuta nthawi zonse."

Basi inatulukira pakona, ikuwaza matope. Bilyana anapukuta mphuno ndi mkono, n'kugwira bambo ake pa jekete asanakwere.

"Ayi, Ababa. Makina sanavute. Ndikamuuza ndine."