Mpando Wakumbuyo wa Benzi ya a Gervazio

Eneles ankatsekera mbuzi m'khola pamene fungo lija linamupezanso. Silinali fungo la ndowe, kapena la utsi wa zitsononkho umene umatuluka m'makhitchini a ku Lobi dzuwa likamalowa m'mwezi wa Juni. Linali fungo la injini yotentha, la galimoto yongofika kumene kuchokera kutali. Anaima chigwirire mpiringidzo wa khola. Pamudzi ponsepo galimoto inalipo imodzi yokha, ndipo inali isanayendepo chibadwire ana ake.

"Kettie!" anaitana mwana wake. "Uli kuti?"

"Ndili pano amayi, ndikutsuka mbale."

"Lowa m'nyumba. Mbalezo zisiye."

Galimotoyo inali Benzi yakuda, yaitali, yakalekale. Inkakhala m'chisakasa kuseri kwa nyumba ya a Gervazio, mlongo wake wamkulu wa Eneles, itakhazikidwa pa njerwa chifukwa matayala anaphwa n'kung'ambika. Amene anabwera nayo kuchokera ku Joni anali a Dominiko, atsibweni awo, masiku a migodi aja. A Dominiko atamwalira, galimotoyo siinapite kwa ana awo. Mwa mwambo wathu inatsala kumbumba, m'manja mwa mphwawo, ndipo mphwawoyo anali a Gervazio.

Bambo amenewa khasu sankalidziwa, koma nkhokwe yawo inkadzaza chaka ndi chaka. Kutchalitchi ankakhala kutsogolo, malaya oyera mbee. Madzulo aliwonse ankatenga kansalu koyera n'kumapukuta galimotoyo pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno mpaka kumchira, uku akuilankhula chamumtima milomo ikugwedera. Munthu woti sanapukutepo mamina a mwana aliyense pamudzipo, koma chitsulo ankachisisita ngati mkazi watsopano.

Anthu ankaona zinthu, n'kumangonong'onezana kudambo. Nkhuku sizinkaikira pansi pa galimotoyo. Agalu akafika pachisakasapo ankapinda michira n'kuzungulira kutali. M'mawa kukuzizira, udzu utayera ndi chisanu, amayi opita kumjigo ankamva chitsulo chikuthetheka pang'onopang'ono monga imachitira injini ikamazizira. Wina anaonapo matope aawisi pamwamba pa matayala akuphwawo, mwezi woti mvula inaleka kalekale. Wina anaona mchenga woyera, pamene dothi la kwathu kuno n'lofiira.

Woyamba kupita anali Dziwani, mwana wa Agnesi, mng'ono wake wa Eneles. Anakabisala pampando wakumbuyo akusewera chibisalirano ndi anzake. Tsiku lotsatira anayamba chizungulire ndi kusanza ngati mwana amene wakwera basi koyamba. Mapazi anatupa. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapeze kanthu. Anamwalira atakhala tsonga, manja ali pamaondo.

Kenako anapita Hope, mwana woyamba wa Eneles. Mvula inamupeza akuchokera kusukulu, ndipo atsibweni ake anamuitana mwachifundo kuti ausemo m'galimoto. Nayenso anafa atakhala tsonga. Pomuika m'bokosi, amuna awiri anachita kumuwongola miyendo mwamphamvu, ndipo phokoso lake Eneles sanaliiwale. Chiyambire pamenepo ankadana ndi mlongo wake ndi mtima wonse, koma ankamupatsabe moni mogwada, pakuti mwamuna wake anamuthawa, ndipo munda umene ankalima ndi a Gervazio omwewo amene anamugawira. Anatsala ndi Kettie yekha, kamtsikana ka sitandade 4, kokonda kuseka, kagwelu pakamwa.

Mwezi womwewo wa Juni kunabwera mlendo pa galimoto yoyera, dzina lake Macdonald, wa ku Lilongwe. Ntchito yake inali yosakira bwana wina wa ku Joni magalimoto akale. Ataiona Benzi ija anavula magalasi akuda, n'kuizungulira kukamwa kuli yasa.

"Bambo, kodi mukudziwa chimene mukusunga apachi?" anafunsa. "Mtundu uwu unkanyamula mabishopu ndi eni migodi. Mipandoyi anasoka ndi manja. Thabwa ili kutsogololi ndi mtengo weniweni. Anapanga zochepa, ndipo zambiri zinatha ndi dzimbiri. Iyi ikhoza kugula nyumba ya mtauni, mpanda ndi zonse."

"Ndikudziwa," anayankha a Gervazio.

Macdonald anasuzumira mkati, n'kugwira mpando wakumbuyo. Anabweza dzanja msanga, kenako n'kuseka. "Chikopa chofewa chonchi, zaka zonsezi? Mumadzoza chiyani? Musasinthe kanthu, bambo. Ngakhale maenje awa a pokhala anthuwa, asiyeni. Ogula amafuna zimenezi. Amagula mbiri: inali ya ndani, anakweramo ndani, zithunzi za banja. Galimoto ya banja limodzi chiyambire ndiye imakwera mtengo."

Maenjewo anali aang'onoang'ono, koma mlendoyo sanadzifunse chifukwa chake. Anangodabwa kuti manambala oonetsa mtunda umene galimoto yayenda anali ochuluka kwambiri kwa galimoto yokhala pa njerwa. A Gervazio anakana kugulitsa. Koma Eneles, amene ankamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, anathamangira mlendoyo kumsewu n'kumupempha nambala ya foni.

Sabata imeneyo anayenda khomo ndi khomo kwa amayi a mbumba yonse. Mawu ake anali amodzi: galimoto si ya a Gervazio, ndi ya mbumba, iwo ndi osunga chabe. Ngati eni ake afuna igulitsidwe, igulitsidwa. Amayi aja ankaopa, koma aliyense anali ndi mwana. Lamulungu potuluka kutchalitchi anakakhala pansi pakhomo pa a Gervazio, miyendo tambalale, Agnesi ali ndi khanda lake latsopano kumsana.

"Achimwene," anatero Eneles, "ife eni mbumba tagwirizana. Galimotoyi ichoke pamudzi pano."

Onse ankayembekezera mkuntho. A Gervazio anawayang'ana mmodzimmodzi, osathamanga, mpaka maso awo anakaima pa Eneles.

"Wafuna ndiwe, mlongo wanga?"

"Ndine."

"Ku Joni n'kutali, ukudziwa?"

"Ngakhale kukhale kutali chotani."

"Chabwino," anatero akumwetulira. "Muitane mnyamata wakoyo."

Eneles anabwerera kunyumba thupi litapepuka, ndipo madzulo amenewo anaimba nyimbo akupeta nyemba, koyamba chimwalirire Hope. Sanadzifunse kuti munthu wouma mtima ngati ameneyo wavomera bwanji msanga chotero.

Tsiku lonyamula linafika ndi nkhungu yoti munthu sungaone mbuzi ili pakhomo. Macdonald anabwera ndi lole yaikulu ndi matayala obwereka. Eneles sanamutumize Kettie kusukulu. Anamugwira dzanja kuyambira m'mawa, osamusiya ngakhale popita kuchimbudzi, mpaka mwanayo anadandaula kuti zala zikupweteka.

Matayala anamangidwa, njerwa zinachotsedwa. Lole inalephera kufika pachisakasa chifukwa cha mizere ya mbatatesi, choncho panafunika kukankha. Amuna anakankha, galimoto osasuntha. Anawonjezekera anyamata, anaimba nyimbo, anatuluka thukuta m'chisanu chonsecho, koma Benzi inangoti nji, ngati yamera mizu. Dalaivala wa lole anayamba kuyang'ana wotchi.

"Ikakanika tibwerera," anatero Macdonald. "Tidzayesa chaka chamawa."

Chaka chamawa! Eneles anamva ngati amuthira madzi ozizira. Anamuyang'ana Kettie.

"Ima pompano. Usasunthe. Wamva?"

"Ndamva amayi."

Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kukaika phewa kumbuyo kwa galimoto, pakati pa amuna, mutu ataweramitsa. Amayi ena anamutsatira. Anakankha ndi mkwiyo wa maliro awiri, mano ali gwa, maso atatsinzina. Anamva chitseko chikutsekedwa kutsogoloko, phokoso lofewa, lolemera, koma sanalabadire. Nthawi yomweyo galimoto inapepuka. Inayamba kuyenda yokha ngati wilibala yopanda katundu, ndipo anthu anakuwa mokondwa, ena mpaka nthungululu.

Eneles anadzutsa mutu akuseka. Pagalasi lakumbuyo, pafupi ndi nkhope yake, anaona timangongo ta tsitsi timene anamanga yekha dzulo lake.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kudambo. Anathamangira kuchitseko, n'kumukoka mwanayo mpaka onse awiri anagwera m'mizere. Macdonald anali chiimire pambali, foni ili m'mwamba, akujambula.

"Mayi, vuto n'chiyani? Ndi chithunzi chabe. Bwana anapempha kuti wam'banja akwere komaliza. Atsibweni akewa ndi amene anati mdzukulu weniweni wa a Dominiko ndi ameneyu."

"Anandinyamula ndi atsibweni," anatero Kettie akudzisasa fumbi. "Musalire amayi. Mpando wake ndi wofunda, ngati pangochoka munthu."

A Gervazio anali akupinda kansalu kawo koyera bwinobwino, n'kukaika m'thumba la malaya. "Galimoto yaulemu siyenda ulendo wautali kumbuyo kulibe munthu," anatero motsitsa, kuti amve Eneles yekha. "Wakankha bwino, mlongo wanga."

Lole inanyamuka chakumasana. Kettie anadya, anasewera fulaye ndi anzake, ndipo Eneles anayamba kudzinamiza kuti mwina poti galimoto yachoka, zonse zachoka. Koma dzuwa litapendeka anamupeza mwanayo atakhala tsonga pamphasa, manja ali pamaondo, thupi likupendekera uku ndi uku monga amachitira munthu galimoto ikamakhota.

"Kettie, ukutani?"

"Tafika pamsewu wa tala, amayi. Kwasiya kugwedeza." Maso ake anali pakhoma, koma ankayenda ngati akutsatira zinthu zodutsa. "Pali anthu ambiri. Akugulitsa mbatatesi m'ndowa, ndi tomato. Maminibasi ali mbwee."

Mwanayo anali asanapitepo kutali ndi Lobi. Eneles anaimba foni.

"A Macdonald, muli pati?"

"Tikudutsa pa Chimbiya, mayi. Bwanji?"

"Imani! Chonde bwererani, mwana wanga ali m'galimotomo!"

"Mayi, mwana wanu ndamusiya m'manja mwanu. Ife tikuthamangira chipata cha m'malire cha ku Dedza asanatseke." Foni inaduka, ndipo siinayankhidwenso.

Anamubereka mwanayo mpaka kuchipatala, miyendo ili yopindika kumsana kwake ngati mpando. Anamwino anayeza zonse zimene akanatha, sanapeze kanthu. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Agnesi anabwera ndi sing'anga, amene anangosuzumira pakhomo, n'kununkhiza, n'kubwerera osatsanzika. M'chipindamo munkanunkha chikopa chakale ndi petulo.

Kettie sankagona pansi, sankadya. Ankangonena za m'njira. Ananena za anthu olankhula chilankhulo chachilendo. Ananena za kutentha, thukuta likutsika pamene ku Lobi anthu ankaothera moto. Ananena za mlatho wautali pamtsinje waukulu woti tsidya lake silioneka bwino. Mapazi anatupa mpaka khungu kuwala.

"Amayi, Hope akuti ndisunthe, ndamupanikiza."

Eneles anagwira pakamwa. "Hope ali pomwepo?"

"Ali pano, ndi Dziwani. Ndi ena sindikuwadziwa, avala zakale. Sakulankhula." Kenako anachonderera. "Amayi, auzeni aime. Ndikufuna kutsika. Chitseko chilibe chogwirira mkati."

Eneles anamukumbatira, anamugwedeza, anamuitana ndi maina onse amene ankamutchula ali khanda. Anakagwada pakhomo pa a Gervazio kuti awapemphe, atenge munda, atenge iye mwini, koma pachitseko panali loko. Bambowo anali atachoka tsiku lomwe lija la lole, ndipo palibe amene anawaona akupita.

M'mawa wina nkhungu itayamba kuyera, thupi la Kettie linaleka kugwedezeka.

"Tafika," anatero ndi mawu otopa. "M'nyumba yaikulu yowala. Muli magalimoto ambiri okongola. Anthu akuwomba m'manja, amayi. Akutijambula."

Sanalankhulenso.

Tsiku loika maliro, anthu atanyamula bokosi kuti ayambe ulendo wa kumanda, kunamveka kulira kwa injini, kofewa ngati mphaka wokhuta. Nyimbo inazima. M'njira ya pakati pa minda munatulukira Benzi ina, yakuda, yatsopano, yonyezimira moti mitengo inkaoneka m'zitseko zake. Inaima pafupi ndi siwa, ndipo munatuluka a Gervazio, malaya oyera mbee.

Anyamata amene analumbira usiku wonse wa maliro kuti akawaona awaphwanya ndi miyala anangoti kakasi. Ena, opanda manyazi, anayamba kusendera kuti aione bwino. Mmodzi mpaka anafunsa ngati ndi ya giya kapena yoyenda yokha.

"Ndi mdzukulu wa ija," anatero a Gervazio akusisita denga lake. "Mtundu umenewu suutha. Ikakalamba ina, amabala ina."

Anazungulira, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Mpando unali woyera, wosalala, wopanda dzenje ngakhale limodzi. Anayang'ana Eneles, amene amayi awiri ankamugwirizira kuti asagwe.

"Watopa, mlongo wanga, ndipo manda atalika. Kwera." Kenako maso awo anatsetserekera kwa Agnesi. "Kapena iwe, ndi khandalo. Kunja kuno kukuzizira."

Agnesi anabwerera m'mbuyo, manja ali kumsana, atagwira mwana wake mwamphamvu mpaka khandalo linalira. Eneles anafuna kutukwana, kulavula, kuwalumphira pakhosi, koma mphamvu zinali zitamuthera m'masiku aja. Anangopukusa mutu.

A Gervazio sanakwiye. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, ndi phokoso lofewa, lolemera lija, n'kutulutsa kansalu koyera m'thumba.

"Palibe changu," anatero akupukuta pamene panagwira zala zawo. "Magalimoto amenewa amakhalitsa."