Nsomba Yochotsedwa Minga

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikugwa. Mtsikanayo anali telala, mnyamatayo dalaivala wa lole yonyamula nsomba mu ayezi. Anamukweza, ndipo pomutsitsa anapempha nambala.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula yomweyo. "Duwa langa, ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Ndili ndi iwe basi."

Telala anakhulupirira. Akanakayika bwanji? Anagula nsalu yoyera, n'kuidula yekha diresi laukwati.

Loweruka lina dalaivala anamutengera kutauni ya asodzi, m'mbali mwa nyanja yamchere. Anadutsa malo odyera onse a padoko, n'kukalowa m'kanyumba kamalata kumapeto kwenikweni.

"Kuno kulibe phokoso, wokondedwa," anatero.

Woperekera zakudya anabweretsa nkhanu zofiira ndi nsomba yowotcha, ya mandimu. Dalaivala anaswa nkhanuzo, kenako anayamba kuchotsa minga ya nsomba umodziumodzi. Nthuli iliyonse ankaifinya ndi zala, kuiuzira, n'kumuikira m'mbale.

"Mukundilera ngati khanda," telala anaseka. "Luso limeneli munaliphunzira kuti?"

"Chikondi chimaphunzitsa, Duwa langa. Sudzalasidwa ndi munga ine ndili moyo."

Mtsikanayo anadya mpaka kunyambita zala. Chibadwire anali asanasangalalepo choncho.

Akusamba m'manja, mayi wophika anatuluka kukhitchini akupukuta thukuta. Ataona dalaivala, nkhope yawo inawala.

"Bambo a mapasa! Mwandilondola mpaka kuno? Padoko paja ndinasamukapo." Analowanso, n'kubwera ndi kaphukusi. "Mitu ya nsomba iyi, monga mwa masiku onse. Mayi a mapasa amaikonda. Nanga awa ndi alamu?"



Telala anayang'ana kamulu ka minga m'mphepete mwa mbale. Mtima unamupweteka koopsa.

"Ndiye amene anakuphunzitsani ndi anawo," anatero chapansipansi.

"Duwa langa, ndimvere kaye. Ndimafuna kukuuza..."

"Tengani phukusilo. Kunyumba akudikira."

Anatuluka osacheuka, misozi ili chuchuchu, nadutsa asodzi akusoka maukonde pamchenga. M'basi foni inalira kambirimbiri, mameseji a dalaivala akulowa. "Ndikhululukire. Ndimakukonda zoona." Zala zake zinkanunkhabe mandimu ndi nsomba.

Atafika kunyumba, anapeza amayi ake atanyamula nsalu yoyera ija, akumwetulira.

"Mwana wanga, ndakulumikizirako manja a diresili. Tayesa tione."