Zitsulo za Yoramu

Yoramu ankaumba mabuloko pa mapuloti a ku Silverest. Anali wowonda, nthiti pamtunda, ndipo ankakhala m'kachipinda kopanda windo ndi mkazi wake Lister ndi mwana wawo Chipo. Tsidya la msewu kunali jimu ya Derrick, mnzake wa kusukulu ku Bundabunda, amene tsopano ankayendera galimoto yakeyake. Mabwana ankafika m'mawa kudzanyamula zitsulo, akumutcha "Kochi".

Tsiku lina Yoramu analowa kukapempha ntchito. Derrick anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anthu akuonerera.

"Iwe ungaphunzitse ndani na thupi iyi? Tenga tsache usese."

Yoramu anatuluka akukukuta mano. Anathira simenti m'zitini ziwiri za penti, nazilumikiza ndi paipi, n'kumanyamula m'mawa uliwonse. Miyezi itatu inatha, thupi osasintha, pakuti ankadya kamodzi patsiku. Ndipamene anamva za Tisauke, sing'anga wamkazi wokhala kuseri kwa mafamu, kupitirira Kasisi.

Anamupeza akusenda mizu pakhonde.

"Amai, nifuna thupi, nifuna jimu yanga, nifuna Derrick agwade."

"Mnofu sinilenga ine," anatero Tisauke osadzutsa mutu. "Nichotsa kwa wina, nipatsa iwe. Nipase dzina la wa magazi ako. Kilo iliyonse uzaonjeza pa chitsulo izachoka pa iye."

"Azafa?"

"Wabwela kufunsa, olo kugula? Ndipo umvetse: chitsulo chizafuna kudya masiku onse. Ukaleka kunyamula, chizadya iwe."

Yoramu anatchula Rodgers, mkulu wake, mlimi wadzitho amene anamulera makolo awo atamwalira. Tisauke anamutema Yoramu mphini m'mapewa, napakamo mankhwala akuda.

Mvula isanagwe, malaya ake onse anali atamuthina. Anapambana mpikisano wa onyamula zitsulo ku Lusaka, natsegula jimu yaikulu, ya magalasi khoma lonse. Makasitomala a Derrick anasamukira kwa iye, mpaka Derrick anatseka. Derrick atabwera kudzafunsa ntchito, Yoramu anauza mlonda kuti amutulutse.

Ku Bundabunda Rodgers ankangofota. Kuchipatala anamuyeza zonse, osapeza kanthu. Mkazi wake Ednah anakwera minibasi mpaka ku jimu.

"Alamu, akulu anu akuitanani. Ngakhale khasu lawakanga kunyamula."

"Nine dokota ine? Chokani, mutsekeleza makasitomala."

Tsiku lomwelo anaonjeza makilo makumi awiri pa chitsulo. Rodgers anamwalira nthawi yokolola, ndipo onyamula bokosi anayang'anizana, poti linapepuka ngati mulibe munthu.

Yoramu ankayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma patapita sabata ziwiri Chipo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kugwetsa kapu ya tiyi. Kenaka chikwama cha kusukulu chinayamba kumulemera. Yoramu anathamangira kwa Tisauke.

"Sininatchule mwana wanga ine."

"Magazi ni yamodzi. Rodgers anasila, chitsulo chapeza wina."

"Chotsani mankhwala yanu."

"Sayachoka. Ngati umukonda mwana, leka kunyamula."

Analekadi. Tsiku lachiwiri Chipo anadzuka n'kupempha phala. Tsiku lachinayi Yoramu anadziona pagalasi, mikono italefuka, chifuwa chitagwa, makasitomala akunong'onezana kumbuyo kwake. Tsiku lachisanu anagona pa benchi, nagwira chitsulo.

Chipo anamwalira mwezi womwewo. Pamaliro Lister, amene anali ataziona mphini zija n'kulumikiza zonse, anaimirira pakati pa anthu.

"Uyu anadya mkulu wake, manje wadya mwana wanga. Muoneni mwamene wanenepela."

Anatenga katundu wake n'kubwerera kwawo.

Yoramu sanatseke jimu ngakhale tsiku limodzi. Koma panalibenso wina wa magazi ake. Lolemba m'mawa anaika makilo mazana awiri pa chitsulo pamaso pa makasitomala, kuti aone kuti zonenedwa pamaliro sizinamugwedeze. Anachikweza bwinobwino. Chili m'mwamba, mikono yake inangoti lobodo ngati nsanza, chitsulo n'kumugwera pakhosi. Amuna anayi anavutika kuchichotsa, ndipo pochichotsa anali atatsirizika.

Palibe anafuna kugula zitsulo zija. Zikuchita dzimbiri kuseri kwa jimuyo.

Dyera limamuchititsa munthu kugulitsa abale ake mmodzimmodzi, ndipo likawamaliza limatembenukira kwa mwini. Thupi ndi chuma zobwera ndi mankhwala zili ndi amene akuzifera. Ngati thukuta lako silinakupatse chinthu, pirira, usakachifune kwa sing'anga.