Mwana wa Mtchona

Rabeka anali kusoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye mu Gatooma pamene mnyamata wina wamtali anaimika njinga pafupi ndi makina ake. Chinali chaka cha 1956, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Zikomo, chemwali," anatero mnyamatayo m'Chinyanja, uku akuvula jekete. "Kodi matumba awa angathe kuchira?"

Rabeka anasiya kupalasa makina. Makasitomala ake ambiri ankamuyankhula m'Chishona.

"Mwadziwa bwanji kuti ndimamva Chinyanja?"

"Ndakumvani mukuimba ndili pakona paja. Nyimbo imeneyo amayi anga ankaimba posinja ku Dedza."

Rabeka anachita manyazi, n'kutembenuza jeketeyo. Matumba onse awiri anali atang'ambika mpaka pansi.

"Mumaikamo miyala?"

"Mabuku."

"Akakhala olemera chonchi, kusiyana kwake n'kotani?"

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. Anati dzina lake ndi Morrison, ndipo ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ku Hartley. Nthawi yopuma ankachita maphunziro a zachuma, a pakalata. Lamlungu lililonse masana ankapalasa njinga kubwera ku Gatooma, kumene aphunzitsi, makalaliki ndi antchito a kufakitale ya thonje ankakumana m'holo ya tchalitchi n'kumatsutsana za dziko. Msonkhanowo ankautcha Bwalo la Maganizo.

"Mudzabwere mudzamve," anatero.

"Akazi amaloledwa?"

"Palibe amene anawaletsa. Kungoti palibenso amene anawaitana."

Lamlungu lotsatira Rabeka anapita, n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Sanaganize kuti angasangalale choncho. Amuna ankakangana za Chitaganya, za msonkho, za amene amaika mtengo wa thonje. Morrison ataima, holo yonse inakhala chete.

"Tiuzeni," anatero. "Munthu amene wakhuta, koma sangatsegule pakamwa pa zimene zikumukhudza, ndi mfulu kapena ndi ng'ombe yonenepa? Nanga amene akuyankhula momasuka m'mimba muli zii, ufulu wakewo audya ndi chiyani?"

Anthu anagawikana pawiri, ndipo anatuluka asanagwirizane. Rabeka anapita kunyumba funsolo likumuzungulira m'mutu, limodzi ndi nkhope ya amene analifunsa.

Kuyambira pamenepo Bwalo likatha Morrison ankamuperekeza, akukankha njinga m'mbali mwa njanji. Mvula inabwera, msewu unadzaza matope, koma iye sanajombe. Tsiku lina anamugulira mabanzi ndi chakumwa chozizira, anakhala pansi pa mtengo wa msasa.

"Mabuku anga amati chinthu chikakhala chosowa mtengo wake umakwera," anatero Morrison. "Ndiye iwe, Rabeka, ulipo mmodzi yekha dziko lonse lapansi. Ndidzakukwanitsa ine?"

"Mwandisandutsa katundu wa m'sitolo tsopano?"

"Ayi, duwa langa. Ndikungoti aphunzitsi a zachuma akanakuona akanalembanso mabuku awo."

"Pakamwa panu mpotsekemera, aphunzitsi. Atsikana a ku Hartley mumawauzanso zomwezi?"

"A ku Hartley ndimawaphunzitsa masamu basi."

Rabeka anayang'ana kumbali kuti abise kumwetulira. Kodi panali mtsikana wina mu Gatooma yense amene ankafunsidwa maganizo ake monga ankafunsidwira iye? Morrison akawerenga chinthu chatsopano ankayamba kumuuza iyeyo, ndipo akamutsutsa sankakwiya. Pa Khirisimasi anamugwira dzanja n'kumulonjeza.

"Mtima wanga, sindidzachita chinthu chachikulu ndisanakufunse. Zathu tidzazipanga awiri."

Rabeka anawasunga mawu amenewo.

Kunyumba ankakhala ndi bambo ake okha, a Obadiya, m'komboni ya mgodi wa golide kunja kwa tauni. A Obadiya anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, akuti akagwire ntchito zaka zochepa agule njinga ndi mabulangete. Zaka zinapita, anakwatira mkazi wa Chishona wa ku Mhondoro, kunabadwa Rabeka. Mkaziyo anamwalira Rabeka ali wamng'ono ndipo anaikidwa m'manda a pamgodi pomwepo. A Obadiya kumudzi sanabwerereko. Tsopano chifuwa chinali chitawatulutsa pansi pa mgodi, ankangosamalira nyale za antchito.

Atamva za Morrison anakondwa.

"Mphunzitsi, komanso wakwathu? Ndikufuna ndikamuone akuyankhula."

Lamlungu limenelo a Obadiya anavala jekete yawo ya maukwati ndi chipewa, Rabeka atawasitira malaya. Anakhala pa benchi yachiwiri, manja ali pa ndodo. Mutu wa tsikulo unali wakuti: n'chifukwa chiyani Nyasalande ndi wosauka?

Morrison anayamba bwino. Anati nthaka ya kwawo si yoipa, mvula imagwa, anthu si aulesi.

"Koma dziko lathu mbewu yake yaikulu si fodya kapena tiyi," anatero. "Limalima anyamata. Mayi amabereka, amalera, mwana akangokhwima mapewa amapita kukalemeretsa dziko la eni. Kumudzi kumatsala nkhalamba ndi akazi. Dziko lotero lingadzuke bwanji?"

Anthu anaomba m'manja. A Obadiya anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo Rabeka anamva kunyada. Koma kuwomba m'manjako kunamuledzeretsa Morrison.

"Wobwerera kwawo ndimamulemekeza. Koma mtchona, munthu amene anatsamira kuno n'kuiwala kumene kunagwera mchombo wake, ameneyo anagulitsa dziko lake ndi mbale ya sadza, nsima ya kuno. Ndi maliro oyenda, kwawo anamulira kale. Ine sindidzakhala mtchona. Chaka chino chikatha ndikubwerera kwathu, ndipo mkazi amene ndidzamukwatire adzanditsata."

Achinyamata anaimirira ndi chisangalalo. A Obadiya anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, anadzuka, n'kutuluka osayang'ana munthu. Pamenepo m'pamene Morrison anawaona.

Anamupeza Rabeka panja, pafupi ndi mpanda.

"Rabeka, sindimanena bambo ako."

"Mumanena ndani? Mu holo muja munali matchona angati oposa iwo?"

"Ndimanena za dongosolo lonse, mmene chuma cha maiko awa chinakonzedwera."

"Dongosolo silinatuluke ndi ndodo, a Morrison. Atuluka ndi bambo anga." Misozi inayamba kutsika. "Nanga za ulendowo mwandifunsa liti? Ndamvera pamodzi ndi anthu a kufakitale kuti ndikusamuka. Ine ndinabadwira kuno. Amayi anga agona kuno. Ku Nyasalande sindinapondeko n'kamodzi komwe. Ndiye inenso ndine maliro?"

"Duwa langa, tamvera."

"Musanditchulenso choncho."

Anathamangira bambo ake. Anayenda nawo ulendo wonse wa kumgodi.

Masabata otsatira anali olemera. Rabeka ankapita kuntchito, ankasoka, ankaseka ndi makasitomala, koma akamva belu la njinga mtima unkadumpha, kenako n'kudzikwiyira yekha. Morrison anabwera pakhonde paja, iye analowa m'sitolo mpaka atachoka. Ku Bwalo sanapitenso. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti ankamusowabe. Munthu angamusowe bwanji amene wanyoza bambo ake pagulu?

Loweruka lina masana Rabeka anaweruka msanga. Atafika pakhomo anapeza bambo ake akusenda mbatata, pambali pawo pali mipando iwiri ndi makapu awiri.

"Kunabwera alendo?"

"Aphunzitsi ako aja. Akhala akubwera Loweruka lililonse iwe uli kuntchito."

Rabeka anayang'ananso makapu aja.

"Ndipo inu mumawalandira?"

"Tsiku loyamba ndinawasiya padzuwa. Anagwada apo mpaka mawondo kuyera, ndiye ndinawapatsa mpando." A Obadiya anatsokomola, n'kupitiriza. "Mwana wanga, mawu aja anandilasa chifukwa ena mwa iwo ndi oona. Amayi anga anamwalira ndili kuno, sindinakaponye dothi. Zimenezo zimandidya popanda wondikumbutsa. Koma za mbale ya sadza anaphonya, ndipo ndawauza. Ine sindinatsalire sadza. Ndinatsalira amayi ako, kenako ndinatsalira iwe."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Afunse wekha. Ine sindine amene akufuna kundikwatira."

Rabeka anaseka misozi ili m'maso.

M'mawa mwake anakwera sitima ya ku Hartley. Anafikira kwa mng'ono wa amayi ake, amene iye ankawatcha mainini Hazel, ndipo iwowo anamulozera njira ya kumishoni. Anamupeza Morrison kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi akuchapa malaya m'beseni, atawonda ndithu. Atamuona anaimirira thovu lili m'manja.

"Rabeka. Wabwera."

"Ndabwera kudzamva. Yankhulani, paja ndi ntchito yanu."

Morrison anapukuta manja pa thalauza.

"Sindikunamiza kuti ndasintha maganizo onse. Ndikukhulupirirabe kuti dziko lathu silingadzuke ana ake ali kunja. Koma ndinalakwa ziwiri. Ndinatenga anthu amene dongosolo linawapweteka n'kuwasandutsa olakwa. Ndipo ndinaswa lonjezo langa kwa iwe chifukwa chofuna kuomberedwa m'manja."

"Nanga ulendo uja?"

"Ndinauza a kumishoni kuti ndikhalabe chaka chamawa. Zakutsogolo sindinena ndekha."

Rabeka anakhala pa chitsa, akuyang'ana nsapato zake. Mtima unali utavomera kale, koma sanafune kuti zikhale zophweka.

"Mverani zanga," anatero. "Bambo anga akali moyo sindisamuka. Tchuthi chikafika mudzanditenge ndikaone ku Dedza, tikapitenso ku Ntcheu ndikaone manda a agogo anga. Ndikakaona ndi maso anga, tidzakhale pansi awiri tikambirane kumene tidzamange. Mwina mudzandigonjetsa, mwina ndidzakugonjetsani."

"Ndavomera."

"Sindinathe. Mawu aja munawanena pagulu. Mukawabwezenso pagulu."

"Lamlungu likubwerali. Udzakhalapo?"

"Ndidzakhala kutsogolo, ndipo nane ndidzayankhula."

Morrison anagwada pomwepo pambali pa beseni.

"Ndiye ndingakutchulenso dzina lija?"

"Yesani timve."

"Duwa langa, undilole nditumize ankhoswe."

Rabeka anamupatsa dzanja.

Lamlungulo Morrison anapepesa pamaso pa anthu onse. Achinyamata ena anang'ung'udza kuti wafooka chifukwa cha mkazi, koma nkhalamba za kumgodi, zimene zinali zitasiya kubwera, zinadzaza mabenchi. Rabeka anaimirira n'kufunsa ngati dziko la munthu ndi kumene anabadwira makolo ake kapena kumene anathira thukuta lake. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo monga mwa masiku onse anatuluka asanagwirizane.

Chinkhoswe chinachitika mwezi wa Juni m'komboni. Vuto linali limodzi: a Obadiya analibe mbale wawo aliyense kumeneko woti aimire mtsikanayo. Tsikulo litafika, pa mkeka wa kuchikazi panakhala mainini Hazel ndi nkhalamba ina ya ndevu zoyera, itavala mkanjo ndi kofiya. Anali a Useni, Myao wa ku Chiradzulu, amene anagwira ntchito ndi a Obadiya pansi pa mgodi kuyambira ali anyamata.

Mkulu wa mpingo amene ankaimira Morrison anafunsa mwa mwambo.

"Inu, bambo, ndinu ndani wake wa mwanayu?"

"Ndine atsibweni ake," anayankha a Useni.

Mkuluyo anayang'ana kofiya ija, n'kuyang'ana a Obadiya.

"Ubale wake ukuyenda bwanji?"

"Ukuyenda pansi pa nthaka," anatero a Useni. "Mwala utandigwera ananditulutsa ndi awa. Mkazi wawo atamwalira manda ndinakumba ndine. Mwanayu ndinamunyamula asanamere mano. Ngati pali wina woposa pamenepo, abwere akhale pamkekapa, ine ndidzuke."

Palibe anadzuka. Mkulu uja anaomba m'manja mwaulemu, amayi anayamba nthungululu, ena m'Chinyanja ena m'Chishona. Rabeka anasuzumira pansi pa nsalu imene anamufunditsa. Anaona bambo ake atakhala mowongoka, akuseka, ndipo Morrison atagwada patsogolo pa a Useni, manja onse awiri atatambasula, akuti, "Zikomo, atsibweni."